Khadi la abwana ndi kabuku ka kuchipatala

Amalume anga a kwa Dzoole, kalaliki pa kagolosale kena ku Mponela, anandifunsa: "Abwana amandilipirira khadi la zachipatala la MASM. Nanga la boma la okalamba ndikalembetse kuti?"

Ndinati kulibe kolembetsa, amalume. Ku America kuli Medicare, inshulansi ya boma ya zachipatala yoyambira zaka 65, koma kuno chipatala cha boma, kaya kwa Dzoole kaya ku Dowa, n'chaulere kwa aliyense. Chofunika n'kabuku ka kuchipatala kaja, kamene iwo amakasunga m'jumbo ya shuga kuopa chiswe.

Khadilo ndinati asalipeputse. Zipatala za mishoni, monga Madisi ndi Mtengowanthenga, zimalipiritsa, choncho afunse kumene limalandiridwa. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti khadi lolipiridwa ndi abwana limatha ntchito ikatha, pomwe mawondo ayamba kumene kulira. Afunsiretu mtengo wolipitiriza okha asanapume.