Chingerezi cha pa Ntchito Pakati pa Amalaŵi a ku Pretoria

1. Mau oyamba

M'nkhani ino tifuna kufotokoza za Chingerezi chimene Amalaŵi ogwira ntchito mu mzinda wa Pretoria amayankhula ndi mabwana ao, anzao a pa ntchito ndiponso ogula malonda. Ganizo lathu ndi lakuti chimene chimawapinga kwambiri anthu ameneŵa si kuchepa kwa mau a Chingerezi m'mutu mwao ayi, koma kusiyana kwa njira zimene Chichewa ndi Chingerezi zimatsata popempha, poyankha ndi pokana. Munthu angathe kulemba kalata yopanda cholakwa, nalephera kupempha tchuthi kapena kutsutsa mlandu womunamizira.

2. Mbiri mwachidule

Amalaŵi adayamba kale kupita ku Joni. Ambiri ankalembedwa ndi bungwe la Wenela, limene pambuyo pake lidatchedwa Theba, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 oposa 100,000 anali m'migodi ya dzikolo. Mu April 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown, ku Botswana, nipha Amalaŵi oposa 70, motero Pulezidenti Banda adaimitsa kulemba anthu. Ntchitoyi idayambanso mu 1977, nidzatha mu 1988.

M'migodimo chiyankhulo cha ntchito chinali Fanakalo, chimene mau ake ambiri ndi ochokera ku Chizulu, ena ku Chingerezi ndi ku Chiafrikaans. Chidakula ngati chiyankhulo cholamulira: kapitao ankanena, wantchito ankachita. Za malipiro ndi masiku a ntchito ankagwirizana ndi Wenela ndi boma, mwini wake wosafunsidwa.

Amalaŵi a ku Pretoria a masiku ano ali m'njira ina. Sapita ndi bungwe, ndipo ambiri amagwira ntchito za m'nyumba, za m'dimba la maluwa, za ulonda, za zomanga, za m'malo odyera ndi za utelala. Aliyense ayenera kudzipezera yekha ntchito, kukambirana yekha za malipiro, ndi kudziyankhira yekha pakabuka nkhani. Zimene kale zinali m'manja mwa bungwe tsopano zili pakamwa pa munthu mwini.

3. Ziyankhulo za mu mzindawu

Malamulo aakulu a South Africa a mu 1996 adavomereza ziyankhulo 11 kukhala za boma, ndipo mu 2023 chiyankhulo cha manja chidaonjezedwa. Kalembera wa mu 2011 adaonetsa kuti m'dera la Tshwane, m'mene muli Pretoria, ziyankhulo za pakhomo zotsogola ndi Sepedi, Chiafrikaans ndi Setswana, pamene oyankhula Chingerezi kwao sadafike mmodzi pa anthu khumi alionse. Ku Mamelodi, ku Atteridgeville ndi ku Soshanguve kumamveka Sepitori, chosakaniza chimene maziko ake ndi Sepedi ndi Setswana.

Tsono Mmalaŵi ndi bwana wake kaŵirikaŵiri amakumana m'Chingerezi chimene sichili chobadwa nacho kwa onse aŵiri. Mmalaŵiyo chake adachitenga kusukulu. Kuchokera mu 1968, pamene Chichewa chidasankhidwa kukhala chiyankhulo cha fuko, Chingerezi chidakhalabe cha m'maofesi ndi cha mayeso, ndipo ana ankayamba kuphunzira maphunziro onse m'Chingerezi mu Sitandade 5. Chimenechi ndi Chingerezi choŵerenga ndi kulemba. Mpata wochiyankhula pokambirana ndi munthu wamkulu umakhala wochepa.

4. Pamene Chichewa chimaonekera m'Chingerezi

4.1 Kupempha. M'Chichewa ulemu umakhala m'kati mwa mneni. Tikati "ndipatse" tikuyankhula ndi mwana. Tikati "ndipatseni" taonjeza ulemu. Tikati "mundipatseko" tapempha modzichepetsa. Maphatikizo a mu-, -ni ndi -ko ndiwo asenza ulemu wonsewo. Chingerezi chilibe maphatikizo otere, ndipo "you" ndi mmodzi yemweyo kwa mwana ndi kwa mfumu. Icho chimasandutsa pempho kukhala funso, monga "Could you give me a day off?" Mmalaŵi amene m'mtima mwake akunena kuti "mundipatseko tchuthi" amatulutsa "Give me a day off," pakuti -ko watayika panjira, ndipo bwana amamva lamulo pamene mwini wake anapereka pempho.

4.2 Kuyankha funso lokana. Wina akafunsa kuti "Simunatseke chipata?" Mchewa amene sanatseke amati "Inde," kutanthauza kuti mwanena zoona, sindinatseke. Iye amavomereza mau a wofunsayo. Chingerezi chimayankha molingana ndi chochitikacho: amene sanatseke ayenera kunena "No." Motero pa funso lakuti "Didn't you lock the gate?" mlonda woyankha "Yes" amamveka ngati watseka. Chipata chikapezeka chotsegula m'maŵa, munthu woona mtima amasanduka wabodza.

4.3 Kumva ndi kukana. Mneni "kumva" amatanthauza kulandira liu m'khutu, kuzindikira tanthauzo, ndiponso kumvera. "Ndamva" pamaso pa wamkulu nthaŵi zina ndi ulemu chabe. Pofunsidwa kuti "Do you understand?" wantchito amavomera, poopa kuti kukana kungaoneke ngati kunena kuti bwana sanafotokoze bwino. Chimodzimodzi, "chabwino, ndiona" kwathu kungakhale kukana kofatsa, koma "Okay, I will see" kumamveka ngati lonjezo. Kuyang'ana pansi, kumene kwathu ndi khalidwe la mwana wolangika, mabwana ena amakuyesa chizindikiro cha munthu wobisa kanthu.

4.4 Mloŵam'malo ndi matchulidwe. Mau akuti "iye" sasiyanitsa mwamuna ndi mkazi, kotero kuti "he" ndi "she" amasinthanitsidwa mosavuta. Pocheza palibe kanthu, koma pofotokoza amene adatenga makiyi, mwamuna wa m'nyumba kapena mkazi wake, nkhani yonse ingathe kupotoka. Ndiponso Chichewa chili ndi malembo a liu asanu okha, ndipo sichisiyanitsa tanthauzo ndi l ndi r. Nchifukwa chake "leave" ndi "live", "work" ndi "walk", "collect" ndi "correct" amamveka ofanana. Pa malonda choopsa koposa ndi "fifteen" ndi "fifty".

Tisaiŵale kuti Chingerezi cha ku South Africa nachonso chili ndi zake. Kumeneko "just now" ndiko kuti nthaŵi ina m'tsogolo muno, "now-now" ndiko kuti posachedwa, ndipo "robot" ndi magetsi oongolera magalimoto pa mphambano. 

5. Kulemera kwa nkhaniyi

Zimene tafotokozazi zimakhudza mkate wa munthu. Lamulo la Basic Conditions of Employment Act la mu 1997 limanena kuti wolemba ntchito apereke zolembedwa zonena za ntchitoyo, ndipo ngati wantchito sakuzimvetsa, zifotokozedwe m'chiyankhulo ndi m'njira imene iye angamve. Koma chitetezo chimenechi chimayamba kugwira ntchito munthu akanena kuti sanamve. Amene wati "Yes" chifukwa cha ulemu wadzitsekera yekha khomo. Ndiponso wochotsedwa ntchito mopanda chilungamo ali ndi masiku 30 okha oti akadandaule ku bungwe la CCMA, kumene ayenera kulongosola tsatanetsatane amene adanena chiyani, kwa yani, ndi tsiku liti. Pa anthu ena pamaonjezeka mantha a kusoŵa zikalata zokhalira m'dzikomo, mantha amene amakulitsa kukhala chete.

6. Mau otsiriza

Kwa ife ophunzira ziyankhulo za mu Afrika, phunziro lake ndi lakuti kuphunzitsa Chingerezi cha pa ntchito kuyambire pa Chichewa cha wophunzirayo. Mphunzitsi aonetse kumene ulemu wa -ni ndi -ko umapita m'Chingerezi. Aphunzitse kuyankha ndi chiganizo chathunthu, monga "No, I did not lock it," m'malo mwa liu limodzi. Azoloŵeze ophunzira kubwereza malangizo ndi mitengo m'mau aoao, kutchula manambala limodzilimodzi, kupempha kuti zogwirizana zilembedwe, ndi kukana poyera koma mofatsa, monga "I cannot come on Sunday, but I can come on Monday." Makolo adati safunsa adadya phula, ndipo mwambi womwewo ukusonyeza kuti kufunsa si chipongwe pa chikhalidwe chathu.

Patsala ntchito yofufuza. Tifunika kujambula ndi kusanthula zokambirana zenizeni za pa ntchito, eni ake atalola, kuti tione pamene Mmalaŵi amasiya Chingerezi natenga Sepitori kapena Chizulu, ndiponso ngati oyankhula Chitumbuka ndi Chiyao, amene ndi ambiri pakati pa opita ku Joni, amakumana ndi zopinga zomwezi.