Mpweya umene unasanduka mwala pasanathe zaka ziwiri

Pa ntchito zikuluzikulu zokwirira mpweya wa carbon dioxide pansi pa nyanja, chisamba ndi ya ku Sleipner, m'nyanja ya North Sea ku Norway. Kuyambira mu 1996, kampani ya Statoil, imene lero ikutchedwa Equinor, yakhala ikulowetsa mpweyawu m'miyala yamchenga, pafupifupi kilomita imodzi kunsi kwa nyanja. Chinawakankha ndi msonkho wa kaboni umene boma la Norway linakhazikitsa mu 1991.

Koma tikanena za liwiro, chikho ndi cha dziko la Iceland, ndipo ine ndimagoma nayo kwambiri ntchito imeneyi. Mu 2007, Pulofesa Sigurður Gíslason wa pa University of Iceland, katswiri wa momwe madzi amadyera miyala, anagwirizana ndi Wallace Broecker, Eric Oelkers komanso kampani ya Reykjavik Energy n'kuyambitsa CarbFix. Nzeru yawo inali yosungunula mpweyawu m'madzi, monga amachitira popanga zakumwa zoziziritsa kukhosi, kenako kupopera madziwo m'miyala ya basalt, ija yotsala chiphalaphala cha phiri lamoto chikazizira. Madzi owawasawo amatulutsa calcium, magnesium ndi iron m'miyalamo, ndipo zimenezi zikakumana ndi kaboni zimauma n'kukhala mwala.

Asayansi ambiri ankati zotere zimatenga zaka mazanamazana. A CarbFix anapopera koyamba ku Hellisheiði, ku Iceland konko, mu 2012, ndipo zotsatira zimene Juerg Matter ndi anzake anasindikiza m'magazini ya Science mu 2016 zinadabwitsa ngakhale eni akewo: mpweya woposa 95 peresenti unali utasanduka mwala pasanathe zaka ziwiri. Mpweya wongotsekeredwa pansi umafunika kuulondera kuopa ungatuluke, pamene mwala umakhala pomwepo. Chovuta chake n'chakuti njirayi imamwa madzi kwadzaoneni, matani pafupifupi 25 pa tani imodzi ya mpweya.

Ku Hellisheiði komweko, kampani ya Climeworks inatsegula Mammoth mu 2024, makina oyamwa kaboni mumlengalenga amene pa nthawiyo anali aakulu kuposa onse padziko lapansi. Anawakonza kuti azichotsa matani 36,000 pachaka, pamene Orca, mnzake wa mu 2021, anali wa matani 4,000.

Owerenga asatengeke msanga ndi manambalawa. Mafuta, malasha ndi gasi zimene anthu amawotcha zimatulutsa matani oposa 35 biliyoni chaka chilichonse. Ngakhale Mammoth atagwira ntchito ndi mphamvu zake zonse chaka chathunthu, sangachotse mpweya umene dziko lonse lapansi limatulutsa m'mphindi imodzi yokha.