Kalata ya Mpingo ndi Mabwenzi a ku Migodi

Pamene migodi inayamba kuturutsa mkuwa, wa Roan Antelope ku Luanshya mu 1931 ndi wa Nkana mu 1932, mnyamata Wacikristu wocokera ku Fort Jameson, kumene tsopano kuchedwa Chipata, anali kunyamuka ndi bulangeti, kamba wa panjira, ndi kalata ya mpingo. Kalatayo inali umboni wa mbusa wa kwao wakuti mwini wace ndiye wodya Mgonero, ndipo amlandire kumene apita. Makalata ambiri otere sanafike konse m'manja mwa akulu a mpingo. Anangogona pansi pa bokosi kufikira njenjete zinawadya. Eni ace sanakane Mulungu iai. Cimene cinaweruza mlandu wa kalatayo ndico ici: anamcingamira ndani pa sitima? Pakuti munthu amene anamgawira nsima ndi pogona asanalembedwe nchito, yemweyo ndiye anamsonyezanso kopita tsiku la Sabata.

Kumudzi Mkristu anali wosungidwa ndi maso a anthu. Amishoni a Dutch Reformed, amene anayamba nchito yao pa Magwero mu 1899, analetsa mowa ndi gule wa Nyau, ndipo wobatizidwa akapita ku mowa usiku, pofika m'mawa mphunzitsi, mfumu ndi atsibweni ace anali atamva kale. M'komboni munalibe wodziwa ngakhale dzina la amace. Anzace a m'cipinda cimodzi ndi a pa nchito ndiwo anasanduka akulu ace.

Mphamvu yao inaoneka makamaka ku holo ya mowa. Lamulo linaletsa kufulula m'komboni, ndipo mowa unali kugulidwa ku holo ya kampani kapena ya boma la mzinda. Phindu lace linali kulipira zina za zokondweretsa anthu, monga mabwalo a mpira ndi nyumba zosonkhaniramo. Kotero ngakhale wosamwa, pokaonerera mpira, anali kudya za mowa womwewo wosadziwa. Tsono mlendo sapita ku holo cifukwa ca ludzu. Apita cifukwa kumeneko ndiko kumveka mbiri ya kumudzi, ndiko kupezeka womtengera kalata ndi ndalama kwa makolo, ndiko kudziwika kapitao wofuna anthu. Ayamba ndi kungoceza. Cikho cikazungulira ndi kufika pa iye, kukana kuyesedwa kunyada, ndipo mlendo wodya za eni sanganyade. Akamwa ca mnzace wagwa m'ngongole yosalembedwa, imene ayenera kubweza tikiti yace ikatha. Ngongole ya manyazi imeneyi imamanga koposa mowa weniweniwo, pakuti sikutha. Wobweza lero waitana kale ca mawa. Ndipo mkazi kunyumba ndiye ayamba kuzindikira, poona kuti ndalama za ndiwo zacepa.

Si zokondweretsa zonse zinali za kuledzera. J. Clyde Mitchell, m'buku lace la 1956, anafotokoza gule wa kalela monga anamuona ku Luanshya: anyamata Acibisa a nchito zapansi, ovala mabuluku ositidwa bwino ndi nsapato zonyezimira, mpango woyera m'dzanja, ng'oma zao zopangidwa ndi migolo ya mafuta, nyimbo zao zotama kwao ndi kuseka mitundu yina. Gule ameneyu anali waudongo, ndipo mlaliki womuyesa cinthu ca ciwanda anali kungoonetsa kuti sanaimepo pabwalo. Cobvuta cinali nthawi. Kalela anabvinidwa tsiku la Sabata masana, ndipo buluku silidzisita lokha, nyimbo siidziphunzira yokha. Munthu wogwira nchito masiku asanu ndi limodzi pansi pa nthaka ali ndi m'mawa umodzi wokha waufulu, ndipo belu la chalichi ndi simbi ya makala zinali kulimbirana m'mawa womwewo. Mnyamata wosowa ku mapemphero sanafunsidwe ndi munthu, koma wosowa ku gule anamlondola anzace kufikira pakhomo.

Za kanema nzacidule. Zithunzi zokondedwa koposa zinali za makauboyi a ku America, amene oonerera anawacha onse dzina limodzi lakuti Jack, ndipo ana a m'komboni anatengera kayendedwe kace, nkhonya zace ndi mfuti zosema. Makolo anadandaula, koma mwana woonera pamodzi ndi atate wace sanabwere nazo kunyumba zimene anabwera nazo woonera ndi gulu la anyamata oyenda usiku.

Akulu amati nsomba ikaola imodzi zonse zaola, ndipo alaliki anaukonda mwambi umenewu. Koma mbiri ya ku migodi isonyeza kuti ubwenzi womwewo unamanganso mpingo. Ca m'ma 1925 ku Ndola, Akristu a mitundu ndi mipingo yosiyana, ambiri a iwo ocokera ku Nyasaland, anayamba kupemphera pamodzi popanda mmishoni wowatuma. Anadzisankhira akulu, nasonkha ndalama zao, nayambitsa mpingo umene unachedwa Union Church. Amishoni a mipingo ingapo atagwirizana kudzagwira nchito ku migodi mu 1936 anaupeza uli ciimire, ndipo unali umodzi wa mizu ya United Church of Zambia, imene inabadwa ku Mindolo mu 1965.

Anthu amenewa anacita zimene holo ya mowa inali kucita, koma kulinga kwina. Analandira mlendo, namuuza za kumudzi, nambwereka ndalama, ndipo mwana wace akamwalira anadza kudzagona pamaliro. Mkulu wa mpingo wotere sanali munthu wobwera kamodzi pa mwezi pa njinga. Anali mnansi wa m'komboni momwemo, wodziwa tsiku la malipiro ndi njira imene mnzace adzera pobwera. Akamuimitsa pa Mgonero cifukwa ca mowa, mawa lace anali kukomananso naye pa mzere wa nchito. Ndipo ndi iye amene anali kugogoda pa citseko ca mlendo m'mawa wa Sabata, nanena kuti, “Acimwene, tsegulani bokosi lija, tione ngati kalata ikali kuwerengeka.”