Nkhuni zilibe mita, tiziwerenge tokha

Nyumba yogula mayunitsi a ESCOM sichedwa kuzimitsa magetsi, chifukwa manambala pa mita amatsika eni ake akuona. Nkhuni zilibe mita. N'chifukwa chake timazimwaza osadziwa, uku nkhalango ya Mvai, kumene kumachokera madzi a damu la Mpira, ikunka nitha. Damulo litaphwa mu 2018, mipope inauma ku Ntcheu mpaka ku Balaka.

Mita yake mutha kupanga nokha. Mtolo uliwonse ukalowa m'khitchini kapena powambira nsomba, lembani kamzere pakhoma ndi khala. Pakatha sabata, werengani. Sabata yotsatira phikirani pa Chitetezo Mbaula, ndi nkhuni zouma, poto atavundikira, muwerengenso. Kusiyana kwake mudzakuona ndi maso.

Mukatero, uzanani ndi anansi pamjigo. Mayi akamva kuti mnzake wa banja lofanana ndi lake amatha mitolo yochepa, amafunsa yekha kuti, "Anzathu, mumatani?" Koma wotha nkhuni zambiri musamuseke, chifukwa wosekedwa amabisa chiwerengero. Wosamala muyamikeni pagulu, kuti asabwerere m'mbuyo.