Ikawola Imodzi, Kodi Zawoladi Zonse? Chilango cha Gulu pa Intaneti

M'midzi yambiri makalata amafika kudzera m'bokosi limodzi la ku positi, kawirikawiri la sukulu ya pulayimale kapena la mpingo. Mlimi, mphunzitsi, mzamba ndi mnyamata wofuna ntchito m'tauni, onse amalemba keyala imodzimodzi pamwamba pa kalata. Tsono tiyerekeze kuti munthu mmodzi wa m'mudzimo watumiza kalata yachipongwe ku ofesi ina, ndipo akuluakulu a ofesiyo alamula kuti kalata iliyonse yochokera ku bokosilo izitayidwa isanatsegulidwe. Wachipongwe uja walangidwa ndithu, koma kalata ya mayi wopempha ngongole ya feteleza nayonso yathera kudzala.

Chilango cha mtunduwu chakhala chikuperekedwa pa intaneti kwa zaka zoposa 30. Munthu mmodzi akalakwa, oyang'anira malo ochezera amatsekera kunja onse amene amalowa pa intaneti kudzera ku kampani imene wolakwayo amagwiritsa ntchito. Poti alimi, alangizi ndi mabungwe a m'madera akudalira intaneti pofuna kudziwa mitengo ya mbewu, zanyengo ndi njira zamakono za ulimi, nkoyenera kumvetsa momwe mchitidwewu unayambira komanso amene umawapweteka kwambiri.

Momwe zinayambira

Chipangizo chilichonse chikalowa pa intaneti chimadziwika ndi nambala yotchedwa IP, yomwe imagwira ntchito ngati keyala. Nambalayi imachokera ku kampani yopereka intaneti, ndipo poyiona nkosavuta kudziwa kampani imene munthu wadzera.

M'chaka cha 1988, Jarkko Oikarinen wa pa yunivesite ya Oulu m'dziko la Finland anayambitsa njira yochezera polemberana yotchedwa IRC. Anthu a m'mayiko osiyanasiyana ankakumana m'zipinda zochezera, ndipo chipinda chilichonse chinali ndi oyang'anira okhala ndi mphamvu zothamangitsa wosokoneza. Vuto linali lakuti wothamangitsidwayo ankangosintha dzina nkubwereranso. Akamuletsa pogwiritsa ntchito nambala yake, ankadula lamya nkuyimbanso, popeza masiku amenewo ambiri ankalowa pa intaneti kudzera pa lamya ya m'nyumba, ndipo kampani inkamupatsa nambala yatsopano. Atatopa, oyang'anira ankalemba mzere umodzi wokha woletsa aliyense wochokera ku kampaniyo.

Amene anadziwika kwambiri ndi tsokali ndi makasitomala a kampani ya AOL ya ku America, yomwe pofika chaka cha 2000 inali ndi anthu oposa 20 miliyoni. Zipinda zambiri zinkawakana onse, poganiza kuti ndi alendo osadziwa mwambo. Munthu waulemu wake ankapeza chitseko chotseka asanalembe liwu ndi limodzi lomwe.

Tisafulumire kuwaweruza oyang'anirawa. Ambiri ndi anthu ongodzipereka, osalandira malipiro, amene amalimbana ndi otukwana, akuba ndi otumiza mauthenga achinyengo usana ndi usiku. Kwa munthu wotopa, kutseka msewu wonse nkosavuta kusiyana ndi kufunsa wodutsa aliyense. Koma mtengo wa kuphwekako amalipira ndi anthu ena.

Dziko lonse pa keyala imodzi

Kumayambiriro kwa chaka cha 2007 kunamveka nkhani yomwe inaonetsa poyera kuopsa kwa njirayi. Pa nthawiyo dziko la Qatar linali ndi kampani imodzi yokha yopereka intaneti, ya Qtel, ndipo makasitomala ake ankaoneka kunja ngati akuchokera pa nambala imodzi. Woyang'anira wina wa Wikipedia, buku lachidziwitso lomwe aliyense angathe kulembamo, analetsa nambalayo chifukwa cha anthu ena amene ankawononga nkhani. Mwa njira imeneyi, anthu a m'dziko lonselo amene analibe akaunti analephera kulembamo. Chiletsocho chinachotsedwa msanga nkhaniyo itafalikira, koma phunziro linatsala: kuseri kwa nambala imodzi kungakhale munthu mmodzi, kungakhalenso mtundu wonse.

Chifukwa chake Africa amavutika koposa

Manambala a mtundu wakale, wotchedwa IPv4, alipo pafupifupi 4.3 biliyoni okha, pamene chiwerengero cha anthu padziko lapansi chinapitirira 8 biliyoni m'chaka cha 2022. Kugawa kwake sikunali kofanana. Amene anafika msanga anatenga madera aakulu, moti kampani imodzi ya Apple inapatsidwa manambala oposa 16 miliyoni. Bungwe logawa manambala mu Africa la AFRINIC, lomwe likulu lake lili ku Mauritius, linavomerezedwa m'chaka cha 2005, ndipo mu February 2011 nkhokwe yaikulu ya dziko lonse inatha. Africa anafika nsima itagawidwa kale.

Pachifukwachi, makampani ambiri a foni zam'manja amaika makasitomala ochuluka, nthawi zina zikwizikwi, kuseri kwa nambala imodzi. Kumadera athu kuno, komwe anthu ambiri amalowa pa intaneti kudzera pa foni, izi zikutanthauza kuti mlangizi wa zaulimi ali kumudzi angathe kugawana keyala ndi munthu wachinyengo amene ali mumzinda wakutali, yemwe sanamuonepo. Chimodzimodzinso malo olipiritsa intaneti, sukulu kapena ofesi ya bungwe: onse otuluka pakhomo limodzi amaoneka ngati munthu mmodzi.

M'chaka cha 2022 anthu odzipereka olemba pa Wikipedia a kumadzulo kwa Africa, monga a ku Ghana, anadandaula kuti ambiri mwa iwo akulephera kulemba chifukwa manambala a makampani awo a foni analetsedwa. Malamulowo anakonzedwa pofuna kutchinga anthu obisala, koma anakola anthu amene ankafuna kulemba za mizinda, mbiri ndi zilankhulo za kwawo. Nkhaniyi ikutikhudza ifenso, popeza Wikipedia ilipo m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, ndipo kukula kwake kumadalira anthu olemba ndi foni.

Choipa china nchakuti chilangochi chilibe mawu. Woletsedwayo kawirikawiri amangoona uthenga wa Chingerezi wosamveka bwino, nkuganiza kuti foni yake yawonongeka kapena kuti mayunitsi atha. Sadandaula, amangochoka. Woyang'anira naye amaona chipinda chili bata nkumati ntchito yagwirika, osadziwa chiwerengero cha anthu abwino amene abwerera pakhomo.

Njira zina zilipo

Malo ena aphunzirapo. Libera Chat, gulu la IRC lomwe linakhazikitsidwa m'chaka cha 2021, limalola anthu ochokera ku manambala ena okayikitsa kulowa, bola atsimikizire kaye kuti ali ndi akaunti yolembetsedwa. Wikipedia nayo ili ndi njira yoletsera okhawo opanda akaunti, komanso yopatsira chilolezo chapadera munthu wodalirika amene wakodwa mu msampha wa ena. Palinso manambala a mtundu watsopano wa IPv6, omwe ndi ochuluka kwambiri moti kasitomala aliyense angathe kukhala ndi ake, ngakhale kuti makampani ambiri akuchedwa kusamukirako. Mfundo ya njira zonsezi ndi imodzi: chilango chitsate munthu ndi zochita zake, osati msewu umene wadzera.

Zoyenera kuchita

Mukapeza kuti mwakanidwa kulowa malo ena, musafulumire kunena kuti foni yawonongeka. Yesani kulowa kudzera pa netiweki ina. Zikatheka, ndiye kuti vuto lili pa nambala imene munadzera poyamba. Jambulani uthenga wokukananiwo, lembani tsiku ndi nthawi, kenaka tumizani pempho laulemu kwa oyang'anira, mofotokoza kuti nambalayo mumagawana ndi anthu ambiri. Dziwitsaninso kampani yanu, chifukwa makampani amachitapo kanthu madandaulo akachuluka. Alangizi okonza maphunziro a kompyuta akumbukire kuti malo ambiri amakayikira maakaunti ochuluka akatsegulidwa tsiku limodzi kuchokera pa nambala imodzi, choncho ndi bwino ophunzira atsegule maakaunti awo maphunziro asanayambe.

Komabe phunziro lalikulu ndi la ife eni. Ambiri mwa owerenga magazini ino ndi oyang'anira magulu a WhatsApp a makalabu a alimi, mabanki a m'mudzi ndi makomiti a chitukuko. Tsiku lina membala wa kalabu inayake adzatumiza uthenga wabodza wa mbewu zotsika mtengo, ndipo ena adzati kalabu yonseyo ichotsedwe pagulu. Pamenepo woyang'anira afunse mafunso atatu: wolakwa ndani, osalakwa amene akhudzidwe ndi angati, ndipo wochotsedwa molakwika akadandaule kwa yani? Chiletso chilichonse chikhale ndi chifukwa chonenedwa poyera komanso tsiku lothera.

Akuluakulu anati nsomba ikawola imodzi zawola zonse. Koma msodzi wodziwa ntchito yake sataya dengu lonse m'nyanja. Amakhala pansi, nkusankha yowolayo, zotsalazo nkupita nazo kumsika.