KATEMERA WA NKHUKU NDI MBALAME ZA KUTHENGO

M'makomboni a mu Lusaka, monga Kanyama, Matero, Chawama, Kalingalinga, Mtendere ndi George, mabanja ambiri amaweta nkhuku kuseri kwa nyumba. Ena ali ndi khola la nkhuku za cizungu zokagulitsa ku msika wa Soweto, pamene ena ali ndi nkhuku za kumudzi zocepa zimene zimadzifunira zokha cakudya pabwalo. Kwa mabanja amenewa nkhuku ndizo banki: mwana akafuna yunifomu, kapena mwini nyumba akafika kudzatenga lendi, kukhola ndi kumene kumacokera ndalama.

Mdani wamkulu wa cuma cimeneci ndi citopa, cimene ena amati cideru. Nthendayi imakula mphamvu m'miyezi yotentha, ndipo ikalowa m'khola losatemera ingathe kupha nkhuku zonse m'masiku owerengeka. Nkhuku yodwala imazyolika, kugwetsa mapiko, kubanika popuma, kutsegula m'mimba zobiriwira, ndipo nthawi zina khosi limapotoka. Matendawa anadziwika koyamba m'caka ca 1926 pa cisumbu ca Java ndiponso mu mzinda wa Newcastle ku England. Muno m'Zambia anapezeka koyamba ku Mazabuka m'caka ca 1952.

Citopa cilibe mankhwala ociza. Cida cokha ndi katemera. Katemera wodziwika kwa alimi ndi wa La Sota ndi wa Hitchner B1 amene kawirikawiri amathiridwa m'madzi akumwa, ndiponso wa I-2 amene anakonzedwa ku Australia kuti azipirirako kutentha. Wa I-2 amadonthezedwa dontho limodzi m'diso la nkhuku pa miyezi 4 iriyonse. Koma cimene alimi ambiri sadziwa ndi cakuti m'kabotolo ka katemera wotere muli kacirombo kamoyo, ka mtundu womwewo wa citopa, koma kofooka. Nkhuku ikalandira, kacirombo kamaswana m'thupi mwace, thupi nkuphunzira kudziteteza. Pa masiku angapo otsatira nkhukuyo imatulutsa kacirombo kofookako m'mpweya ndi m'zitosi.

Apa ndi pamene nkhani ikufika kwa mbalame za kuthengo. M'komboni nyumba ndi zothithikana, ndipo gaga wothiridwa pansi sadyedwa ndi nkhuku zokha. Nkhunda, njiwa, mpheta ndi akhwangwala amatera pomwepo, namwanso m'mbale yomweyo. M'nyengo ya dzinja, pamene madzi amaima m'malo monga Kanyama, zitosi za m'khola zimakokoloka ndi kukalowa m'zithaphwi mmene mbalame zina zimamwa.

M'caka ca 2016 akatswiri a pa University of Georgia ku America, pamodzi ndi anzao a m'maiko ena, anafalitsa zimene anapeza atasanthula tizirombo totengedwa kwa mbalame za kuthengo pakati pa 1997 ndi 2014. Iwo anapeza tizirombo tocokera ku katemera wa citopa m'mitundu 17 ya mbalame, m'makontinenti 4. Mbalame za mtundu wa nkhunda ndi wa abakha ndizo zinali zambiri mwa izo.

Tanthauzo la zimenezi si lakuti katemera ndi woipa ai. Phunziro lace ndi lakuti pakati pa khola ndi thengo pali njira yotseguka. Ngati kacirombo kofooka kamadutsa, ndiye kuti citopa ceniceni cingadutsenso. Ndiponso nkhuku yotemera, ngakhale siifa ikakumana ndi citopa coopsa, ingathe kucitenga ndi kucitulutsa m'zitosi uku ikuoneka yamoyo bwino. Mbalame yotola pamenepo mawa idzakhala pa khola la munthu wina ku George kapena ku Mtendere.

Njirayi ndi ya uku ndi uku. M'caka ca 1984 ku Britain nkhuku za m'mafamu ambiri zinadwala cifukwa ca cakudya cimene cinaipitsidwa ndi nkhunda zodwala m'nkhokwe za pa doko la Liverpool. Kuno kwathu, akatswiri a sukulu ya matenda a ziweto pa University of Zambia, mogwirizana ndi a ku Hokkaido University ya ku Japan, anapezapo tizirombo ta cimfine ca mbalame, ta mtundu wofooka, m'mbalame za m'madzi za ku Lochinvar pa cigwa ca Kafue. Zimenezi zikuonetsa kuti mbalame za kuthengo nazo ziri ndi tizirombo tao.

Nanga mlimi wa m'komboni acitenji? Coyamba, asaleke kutemera, ndipo ndi bwino kuti oyandikana nyumba atemere nthawi imodzi. Katemera wa La Sota asungidwe pozizira. Akasungunulidwa m'madzi, nkhuku zimwe asanathe maola 2. Madzi okhala ndi klorini amapha katemera. Pa tsiku la katemera nkhuku zimwere m'kati mwa khola, osati pabwalo. Madzi otsala asatayidwe m'ngalande, koma awiritsidwe kapena kuthiridwa mankhwala ophera tizirombo, ndipo timabotolo titenthedwe kapena kukwiriridwa mozama.

Caciwiri, mazenera a khola akhale ndi waya wa maso ang'ono, thumba la cakudya likhale lomanga, ndipo nkhunda zoweta zisagone pamodzi ndi nkhuku. Nkhuku yogula kumsika ikhale payokha kwa masabata 2 isanasakanizidwe ndi zina. Nkhuku yakufa ikwiriridwe kapena kutenthedwa, pakuti ikaponyedwa pa dzala, akhwangwala ndi agalu ndiwo amamwaza matenda komboni yonse. Ndipo pamene nkhuku kapena mbalame za kuthengo zayamba kufa zambiri nthawi imodzi, a ofesi ya matenda a ziweto adziwitsidwe msanga.

Mpanda umalekanitsa mabwalo a anthu, koma mbalame siiona mpanda. Cotero mlimi amene asamala khola lace amateteza nkhuku zace, za mnansi wace, ndiponso njiwa imene imalira pa mtengo wa mango m'mawa uliwonse.