Kantina za ku Lago zakalamba, koma m'malamulo zikadali ana

Munthu wa ku Nkholongue akafuna machesi, sopo woduladula kapena mafuta ophikira a m'kabotolo, amangopita pa kabanka, kaokala ka m'mudzi momwemo. Koma akafuna malata, thumba la mchere kapena nsalu ya ukwati, ulendo umakhala wa ku Metangula, likulu la boma la Lago ku Mozambique, kumpoto kwa mudziwu. Wapaulendo wotere, kaya m'tauniyo kaya pamsewu wokwera mapiri wodzera ku Maniamba kupita ku Lichinga, amadutsa nyumba zina zamalonda zimene maso anazizolowera moti saziwonanso. Akuluakulu amazitcha kantina, mawu amene anatsala kuchokera kwa Apwitikizi.

Ukaona imodzi, waona zonse. Khoma lochindikala, khonde lalitali la mizati ya simenti, zitseko ziwiri zamatabwa zimene usiku amapingasa ndi chitsulo. M'kati muli kauntala yaitali yathabwa, yosalala m'mphepete chifukwa cha zigongono za ogula. Kuseri kunkagona mwini sitolo ndi banja lake, ndipo pambali pankakhala chipinda chosungira zimene wagula kwa alimi ndi asodzi. Pakhonde ndi pamene pankakhala telala ndi makina ake opalasa ndi phazi: nsalu ukagula m'kati, unkangotuluka nayo n'kuyezedwa pomwepo. Malo amodzi omwewo unagulitsa chimanga, unagula palafini, unasoketsa malaya a mwana, unamvanso uthenga wa m'bale amene ali ku migodi ya ku Joni.

Zambiri mwa kantinazi n'za m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960. Kumpoto kwa Mozambique zinthu zinachedwa. Dera lonseli linali m'manja mwa kampani ya Companhia do Niassa mpaka 1929, ndipo sitima yapamtunda inafika ku Vila Cabral, imene lero ndi Lichinga, mu 1969. Metangula, imene Apwitikizi anaipatsa dzina loti Augusto Cardoso, inakula pamene anakhazikitsapo malo a asilikali apamadzi pa nthawi ya nkhondo yomenyera ufulu imene inayamba pa 25 September 1964.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Mozambique ili ndi lamulo loteteza cholowa cha dziko, lamulo nambala 10/88 la pa 22 December 1988. Lamuloli linanena kuti nyumba iliyonse yomangidwa chisanafike chaka cha 1920 ndi yotetezedwa, limodzi ndi malo a mbiri yakalekale komanso misasa ikuluikulu ya Frelimo ya pa nthawi ya nkhondo. Kwa anthu a ku Ilha de Moçambique, chilumba chimene UNESCO inachiika pa mndandanda wake mu 1991, chaka cha 1920 n'chabwino, pakuti kumeneko nyumba zamiyala zinayamba kalekale. Koma ku Lago, mukachotsa zina za amishoni, n'chiyani cha njerwa ndi malata chimene chinaima 1920 isanakwane? Mzere umenewo umasiya kunja pafupifupi chilichonse chimene agogo athu anakhudzapo ndi dzanja.

Ku America, kaundula wawo wa malo a mbiri amayamba kuganizira nyumba ikakwanitsa zaka 50. Muyezo wotero umayenda ndi nthawi: chaka chilichonse nyumba zina zimalowa m'gulu la zakale, ndipo n'chifukwa chake kumeneko anthu amakangana za masitolo a m'ma 1950. Chaka cha 1920 sichisuntha. Kantina ya mu 1958 yapitirira zaka 65, ndi nkhalamba yeniyeni, koma pamaso pa lamulo ikadali mwana, ndipo idzakhalabe mwana ngakhale itafika zaka 100. N'zoona kuti lamuloli linasiya khomo: nduna za boma zikhoza kuika nyumba yaposachedwa pa mndandanda. Koma ngati Grande Hotel ya ku Beira, chimphona chimene chinatsegulidwa m'ma 1950 n'kutsekedwa mu 1963, ikungophwasuka dziko lonse likuona, kodi kasitolo ka m'mbali mwa nyanja kadzafika liti pa tebulo la nduna ku Maputo?

Pali chinanso chimene sitiyenera kuchibisa. Anthu ambiri alibe nazo chikondi kantinazi, ndipo ali ndi zifukwa. Malume anga, amene anakulira m'mbali mwa nyanjayi, sankanena za kantina popanda kutchula sikelo. Ankati pogula kwa iwe sikeloyo inkapepuka, pokugulitsa inkalemera. Ankakumbukanso buku la ngongole, limene linkamanga munthu kuti mbewu zake za chaka chamawa zikathere pa kauntala yomweyo. Munthu wotere mukamuuza kuti nyumbayo ndi cholowa, amakuyang'anani ngati mwalawa kachasu m'mawa.

Komabe malume omwewo, nkhani ikakoma, ankafotokoza za tsiku limene anagula nyale yawo yoyamba yagalasi, ndi mmene anayendera nayo pang'onopang'ono m'mphepete mwa madzi kuopa kuiphwanya. Ine ndimaona kuti mbiri ya kantina ili pamenepo. Si ya Mpwitikizi kapena Mmwenye amene anaima kuseri kwa kauntala yekha ayi. Ndi ya anaumba njerwa, ya telala wa pakhonde, ya mayi amene anasenza dengu la usipa wouma kuti akabwere ndi chitenje.

Ndipo makoma amenewa anaona zambiri eni ake atachoka. Ufulu utabwera pa 25 June 1975, amalonda ambiri a Chipwitikizi anathawa, masitolo n'kutsala okhaokha. Boma linatsegula ma Lojas do Povo, masitolo a anthu onse, koma mashelefu nthawi zambiri ankakhala mbee, anthu ali pamzere kudikira sopo. Pofika 1980 mtsogoleri wa dziko Samora Machel mwiniwake anavomereza kuti kugulitsa masingano si ntchito ya boma, ndipo malonda ang'onoang'ono anayamba kubwerera kwa anthu wamba. Chaka chomwecho ndalama ya esikudo inachoka, metikali n'kulowa. Kenaka nkhondo yapachiweniweni inabalalitsa anthu a m'mbali mwa nyanja, ena ku Likoma, ena ku Nkhotakota, mpaka mgwirizano wa ku Rome wa pa 4 October 1992. Kauntala imodzi inalandira ndalama zamitundu iwiri, pansi pa maboma awiri, pakati pa nkhondo ziwiri. Ku Matchedje, kumene Frelimo inachitira msonkhano wake waukulu wachiwiri mu 1968, kuli chipilala, ndipo n'koyenera kutero. Koma msonkhano unali wa masiku ochepa, pamene mchere anthu ankaufuna tsiku ndi tsiku.

Kutsidya kwa nyanja, ku Malawi, nkhani ndi yomweyi, yangosintha malaya. Mu 1970 Kamuzu Banda analamula kuti Amwenye achoke pa malonda a kumidzi, ndipo pofika 1978 anali ataunjikana m'mizinda ikuluikulu monga Blantyre, Zomba ndi Lilongwe. Mizere ya masitolo awo a makonde inatsala m'matauni ang'onoang'ono, ina n'kusanduka zigayo, ina matchalitchi, ina mabwinja. Nyumba ya Mandala ku Blantyre, ya mu 1882, ndi yotetezedwa ndipo alendo amaijambula. Imeneyonso inali ya kampani yamalonda, African Lakes. Mwayi wake ndi woti inabadwa msanga, ndiponso kuti ili mumzinda.

Sindikunena kuti nyumba yogumuka iliyonse ikhomedwe chikwangwani. Boma la Lago lili ndi zosowa zazikulu kuposa zimenezi, ndipo chikwangwani sichitseka denga. Chimene chimapha nyumbazi n'chodziwika: lata limodzi likazuka ndi mwera, madzi amalowa pamwamba pa khoma, chiswe n'kumaliza phaso, ndipo pakatha mvula zitatu anthu amayamba kutola njerwa. Nthawi zambiri palibe wokonza chifukwa palibe wotsimikiza kuti nyumbayo ndi yake. Malo onse ku Mozambique ndi a boma, munthu amangopatsidwa chilolezo chogwiritsa ntchito chotchedwa DUAT, ndipo nyumba zambiri zosiyidwa zinalowa m'manja mwa boma mu 1976. Wochita lendi sangagule malata a nyumba imene mawa akhoza kutulutsidwamo.

Choyamba choyenera kuchita n'chotsika mtengo: akuluakulu a zachikhalidwe pa boma, pamodzi ndi mafumu, ayende ndi kope n'kulemba kantina zimene zatsala, mwini wake lero, ndi zimene okalamba akukumbuka za iliyonse. Wofufuza mbiri Andreas Zeman anafunsa anthu a ku Nkholongue ndipo mu 2023 anatulutsa buku lonse la mudzi umodzi wokhawu, umboni woti zokumbukira zilipo malinga wina afunse eni ake akadali moyo. Chachiwiri, amene akugulitsa m'nyumbazi apatsidwe mapepala omveka, pa pangano loti khonde ndi zitseko asazisinthe, denga alisamale.

Kantina imene ndinaiona ili bwino kwambiri paulendo wanga wa ku Lago sinali yotsekedwa. Mnyamata wina anaika batire ndi sola padenga, ndipo pa kauntala yakale ija panali mafoni khumi ndi angapo akutchajidwa, iliyonse yomata kapepala ka dzina. Mbedza ya sikelo inali ikadali paphaso. Anapachikapo nthochi.